Agogo akayamba kukhwekhweza mapazi ndi kuiwala: mmene mungatetezere timitsempha ta mu ubongo

Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo asanu a okosijeni amene thupi limafuna munthu akangokhala. Susunga chakudya chapadera. Zonse zimaufikira kudzera m'timitsempha tolowa mkatikati, tina tochepa kuposa tsitsi la m'mutu. Timitsempha timeneti tikamakalamba khoma lake limakhuthala, mpata umachepa, tina timayamba kuchucha. Mwa masitiroko anayi alionse obwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, imodzi imachokera pamenepa, ndipo okalamba ambiri odwala matenda oiwala amakhala ndi vutoli, limene limatchedwa matenda a timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo.

Kale madokotala ankati ndi nkhani ya BP basi. BP ikadali patsogolo, koma tsopano zikudziwika kuti asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi aja, amathandizira kuwononga. Palibe mankhwala owaletsa amene atsimikizika. Chimene chili m'manja mwanu ndi kuchepetsa zinthu zowaputa, ndiponso kudziwa kuwerenga zimene pepala la ku labotale likunena za iwo.

Zimene zimachitika m'kamtsempha

Timitsempha tolowa mkati mwa ubongo timaphuka mwachindunji pa mitsempha ikuluikulu, ngati kulumikiza kapaipi kothirira dimba ku paipi yaikulu ya mumsewu. Mphamvu ya magazi ikakwera, timalandira nkhonya yonse, ndipo tambiri tilibe tinzake totithandiza tikatsekeka.

Mkati mwa kamtsempha kalikonse muli maselo oyalidwa mothithikana kwambiri, ndipo ndiwo amatchinga kuti zinthu za m'magazi zisalowe mu ubongo chisawawa. BP, shuga, utsi ndi ukalamba zimavulaza maselo amenewa. Akavulala amatulutsa timapuloteni tomata, totchedwa VCAM-1 ndi ICAM-1, ndipo maselo oyera amene akanangodutsa amayamba kuima n'kukakamira pakhoma.

Oyamba ndi ma neutrophil, amene ndi ochuluka kuposa ena onse. Neutrophil ndi yonenepa kuposa mpata wa timitsempha tochepetsetsa, moti imadutsa chodzipinda. Ikamata, imatseka njira kwa kanthawi ndipo maselo ofiira onyamula okosijeni amaima kumbuyo kwake. Ku Cornell University ku America anaonetsa mu 2019, pa mbewa zokhala ndi matenda ofanana ndi a Alzheimer, kuti timitsempha pafupifupi tiwiri pa 100 tilitonse tinali totsekeka chotere, ndipo atamatula ma neutrophil magazi anayamba kuyenda bwino m'mphindi zochepa. Ma neutrophil amatulutsanso mapuloteni monga MMP-9 amene amadya zomangira khoma la kamtsempha. Khoma likachucha, puloteni youndanitsa magazi yotchedwa fibrinogen imalowa mu ubongo n'kudzutsa ma microglia, alonda a mu ubongo momwemo, ndipo iwo amawononga chikuto cha timinyewa tonyamula mauthenga. Pachithunzi cha ubongo chojambulidwa ndi makina a MRI malo amenewa amaoneka ngati mawanga oyera.

Achiwiri ndi ma monocyte. Ku Nijmegen m'dziko la Netherlands akhala akutsatira anthu 503 odwala matendawa kuyambira 2006, ndipo anapeza kuti amene mawanga awo ankakula msanga anali ndi ma monocyte opsa mtima, otulutsa zoyambitsa kutupa zambiri akangoputidwa pang'ono. Achitatu ndi ma T cell, gulu limene muli ma CD4 amene timawadziwa kudzera ku nkhani za HIV. A mtundu wa CD8 amaunjikana m'mbali za ubongo wokalamba mmene mumadutsa timinyewa tonyamula mauthenga.

Pamwamba pa zonsezi, munthu akamakalamba chitetezo chake chimasintha mosayenera: chimafooka pa matenda atsopano koma chimakhala chikunyeka pang'onopang'ono popanda mdani, zimene Claudio Franceschi wa ku Italy anazifotokoza mu 2000. Kutupa kumeneku sikuoneka, sikupweteka, sikutenthetsa thupi. Dziwani kuti zambiri za mmene maselowa amawonongera zinaoneka pa mbewa. Pa anthu chimene chaoneka kwambiri n'chakuti zinthuzi zimayendera limodzi.

Yambani ndi miyendo

Achibale ambiri amadikira kuti agogo aiwale mayina a zidzukulu. Matendawa nthawi zambiri amayamba kuonekera pa kayendedwe ndi pa kufulumira kwa maganizo. Mapazi amakhwekhwezeka, masitepe amafupika, potembenuka munthu amaponda kangapo. Ntchito ya magawo angapo, monga kuphika nsima ndi ndiwo nthawi imodzi kapena kuwerengera chenji, imayamba kusokonekera. Mkodzo umabwera mwadzidzidzi osapereka mpata wofika kuchimbudzi. Ena amangokhala duu, osafunanso kumunda kapena kutchalitchi, ena amalira kapena kuseka popanda chifukwa. Gogo wopezeka usiku akuyenda pabwalo la eni ake atasokonezeka ndi wodwala wofunika chipatala, osati mfiti.

Kayendedwe mungathe kukayeza nokha. Ikani mpando wolimba wokhala ndi kotsamira. Yezani mamita 3 kuchokera pa mpandowo n'kulemba mzere pansi. Agogo avale nsapato zawo za masiku onse, ndipo ngati amayendera ndodo aigwire. Mukati "tiyeni", adzuke, ayende mpaka pamzere monga amayendera nthawi zonse, atembenuke, abwerere n'kukhala. Werengani masekondi pa foni, inu muli pambali pawo kuopa kugwa. Masekondi 12 kapena kuposa ndi chizindikiro chakuti akhoza kugwa. Lembani m'buku la kuchipatala ndipo bwerezani pakatha miyezi itatu, chifukwa kusintha kwa nambalayo kumauza dokotala zambiri kuposa nambala imodzi. Nyamakazi ya m'mawondo ndi maso a ng'ala zimachedwetsanso munthu, choncho nenani ngati zilipo.

BP: pamene pali umboni wamphamvu

Kafukufuku wa SPRINT ku America anatenga anthu oposa 9,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo. Ena anatsitsidwa BP ya pamwamba kufika pansi pa 120, ena pansi pa 140. Zotsatira za 2019 zinaonetsa kuti gulu loyamba linali ndi chiopsezo chochepa ndi 19 peresenti choyamba kufooka nzeru, ndipo mawanga oyera ankakula pang'onopang'ono. Odwala shuga ndi amene anagwidwapo sitiroko sanalowe nawo, choncho 120 si nambala ya aliyense. Ku Malawi kafukufuku wa 2009 anapeza BP yokwera mwa munthu wamkulu mmodzi pa atatu alionse, ambiri osadziwa n'komwe.

BP imagwirizana ndi asilikali a m'thupi mbali zonse ziwiri. Imavulaza khoma n'kuwaitana, ndipo iwonso amaikweza: mu 2007 zinaoneka kuti mbewa zopanda ma T cell sizikwera BP kwambiri zikapatsidwa mankhwala oikweza.

Poyeza kunyumba gwiritsani ntchito makina omanga pamkono, osati pa dzanja. Munthu asakhale atasuta, atamwa tiyi kapena khofi, kapena atagwira ntchito yolemetsa m'mphindi 30 zapitazo, ndipo ayambe wakodza. Akhale pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi onse pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Lamba amangidwe pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala monama. Pamene makina akugwira ntchito pasakhale kucheza. Yezani kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, kwa masiku 7. Za tsiku loyamba zisiyeni, zotsalazo muphatikize n'kugawa. Kunyumba malire ndi 135/85, kuchipatala 140/90.

Kwa wokalamba onjezani kuyeza kumodzi. Agone mphindi 5 muyeze, kenako aimirire muyezenso pakatha mphindi imodzi ndi pakatha mphindi zitatu. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena ya pansi ndi 10, makamaka ngati akumva chizungulire, dokotala adziwe msanga. Timitsempha touma sitithanso kudzitambasula BP ikagwa mwadzidzidzi, ndiye ubongo umasowa magazi ndipo munthu amagwa.

Mankhwala opezeka kawirikawiri ndi amlodipine, hydrochlorothiazide imene ambiri amangoti HCT, ndi enalapril. Kafukufuku wa CREOLE wa 2019, wochitika m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa, anapeza kuti pa anthu akuda kuphatikiza kokhala ndi amlodipine kumatsitsa BP bwino kuposa kuphatikiza perindopril (wa gulu limodzi ndi enalapril) ndi HCT. Amlodipine amatupitsa akakolo. HCT amwedwe m'mawa kuti asadzutse munthu usiku, ndipo kwa okalamba angathe kutsitsa mchere wa m'magazi mpaka kusokoneza mutu. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma ndipo amafuna kuyezetsa impso.

Zinthu zitatu zimalepheretsa mankhwalawa kawirikawiri. Choyamba ndi kusiya kumwa mutu ukasiya kupweteka, pomwe BP nthawi zambiri sipweteka paliponse. Chachiwiri ndi Brufen, diclofenac ndi indocid zogula pa golosale chifukwa cha msana: zimakweza BP ndi kuwononga impso, ndipo paracetamol ndiye woyambira. Chachitatu ndi rifampicin wa m'mankhwala a TB, amene amachititsa chiwindi kuphwanya amlodipine ndi nifedipine msanga. Munthu wa BP akayamba mankhwala a TB aziyezedwa pafupipafupi.

Mchere, soda ndi utsi

Mchere uli ndi njira yachiwiri yofikira ku ubongo yosadzera ku BP. Gulu la Costantino Iadecola ku New York linaonetsa mu 2018 kuti mbewa zodya mchere wambiri zimachulukitsa ma T cell a mtundu wa Th17 m'matumbo. Maselowa amathira puloteni yoyambitsa kutupa yotchedwa IL-17 m'magazi, ndipo iyo imaletsa timitsempha ta mu ubongo kupanga nitric oxide, mpweya umene umatifewetsa kuti titambasuke. Magazi opita ku ubongo anachepa, mbewa zinayamba kuiwala, BP isanakwere n'komwe. Zitabwerera pa chakudya chawamba, magazi anayambanso kuyenda bwino.

Bungwe la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza sipuni ya tiyi imodzi yosasefukira, kuphatikiza wobisika m'zakudya. Njira yosavuta ndi kupima m'mawa: pakhomo pa akulu anayi, ikani m'kambale masipuni atatu okha a tsiku lonse, yachinayi ikhale ya mchere wobwera kale mu buledi ndi nsomba. Pa mkeka kapena patebulo pasakhale mchere wowonjezera. Nsomba zouma zothira mchere zivikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 20 n'kutaya madziwo. Timakyubu tokometsera ndiwo tambiri ndi mchere pafupifupi theka. Soda wothira mu therere ndi m'nkhwani nayenso ali ndi sodium, chinthu chomwecho chokweza BP, ndipo ambiri samuwerengera. Lilime limazolowera pakatha masabata angapo, choncho chepetsani pang'onopang'ono, apo ayi agogo adzabisa kapaketi kawo kuchipinda.

Fodya amakweza chiwerengero cha maselo oyera m'magazi ndi kuchititsa khoma la mitsempha kumata, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe. Utsi wa nkhuni m'khitchini yotseka umalowa m'mapapo momwemonso. Agogo okonda kuotha moto aziothera panja kapena pamalo opita mphepo, nkhuni zikhale zouma. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumathandiza BP ndi shuga, ndipo shuga ayezedwe kamodzi pa chaka.

Matenda ena akabwera

Matenda alionse otenthetsa thupi amadzutsa asilikali onse nthawi imodzi, ndipo ubongo wochucha kale umazimva msanga. Ku Britain anapeza mu 2004 kuti m'masiku atatu oyamba a matenda a m'chifuwa chiopsezo cha sitiroko chimakwera pafupifupi katatu. Chofala kuposa pamenepo ndi kusokonezeka kwadzidzidzi: gogo amene dzulo ankalankhula bwino lero sakuzindikira anthu, akuona zinthu kulibe, kapena akungogona. Kusintha kwa maola kapena masiku ochepa kotere si ukalamba. Yambani kuganizira malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena shuga wotsika, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale matenda ali aakulu. Mano obooka ndi nkhama zotuluka magazi ndi gwero lina la kutupa kosatha limene limaiwalika.

HIV ndi nkhani yaikulu kwathu kuno. Ngakhale kachilombo katagonja ndi ma ARV, ma monocyte amakhalabe otakasika kuposa a munthu wopanda kachilombo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti HIV ndi BP ndizo zinali patsogolo pa zoyambitsa sitiroko, ndipo chiopsezo chinali chachikulu mwa osamwa mankhwala ndi m'miyezi 6 yoyamba ya ma ARV, nthawi imene chitetezo chikudzuka. Phunziro lake ndi kuyamba ma ARV msanga CD4 isanatsike, kusadumphitsa, ndi kupempha kuyezedwa BP nthawi iliyonse yokatenga mankhwala. Munthu wa sitiroko kapena woyamba kuiwala ayezedwe HIV ndi chindoko ngakhale ali ndi imvi, chifukwa chindoko cha mu ubongo chimachizika.

Kuwerenga pepala la magazi

Pepala la full blood count limaonetsa asilikali amenewa. Malire a m'malabotale ambiri, pa mabiliyoni pa lita imodzi, ali motere: WBC (maselo oyera onse pamodzi) 4 mpaka 11, ma neutrophil 2 mpaka 7.5, ma lymphocyte (gulu limene muli ma T cell) 1 mpaka 4, ma monocyte 0.2 mpaka 0.8. Yang'anani nambala zenizeni, zimene nthawi zambiri zimakhala ndi chizindikiro cha #, osati maperesenti.

Ofufuza amakonda kugawa ma neutrophil ndi ma lymphocyte. Munthu wa ma neutrophil 4.2 ndi ma lymphocyte 2.1 ali ndi 2, wa 6.0 ndi 1.2 ali ndi 5. M'magulu aakulu a anthu, nambala yokwera imayendera limodzi ndi mawanga ambiri mu ubongo. Pa munthu mmodzi nambalayi siuza ngati matendawa alipo, ndipo palibe malire ogwirizana. Malungo amatsitsa ma lymphocyte, prednisolone (mankhwala ogonetsa chitetezo cha m'thupi) amakweza ma neutrophil, fodya amakweza zonse. Magazi otengedwa munthu akudwala amanena za matenda a tsikulo. Kuti muone mmene alili nthawi zonse, bwerezani pakatha mwezi atachira. Chimodzimodzi CRP, puloteni ya m'magazi yosonyeza kutupa: ikapitirira 10 funafunani matenda amene alipo panopa.

Pali msampha umodzi wokhudza ife. Anthu ambiri a mu Africa kum'mwera kwa Sahara anabadwa opanda puloteni ya Duffy pa maselo awo ofiira, ndipo ma neutrophil awo m'magazi amakhala ocheperako mwachibadwa, nthawi zina pakati pa 1 ndi 2, popanda vuto lililonse la chitetezo. Malire osindikizidwa pamapepala ambiri anachokera kwa azungu. Amene amakhala ku Britain kapena ku South Africa amakumana nazo kawirikawiri: pepala limalemba kuti nambala yatsika, munthu ali bwinobwino. Dokotala aweruze poona ngati munthu amadwaladwala ndiponso ngati nambalayo yakhala choncho kuyambira kale.

Chotsimikizira matendawa ndi chithunzi cha ubongo. CT imaonetsa magazi otayika ndi timaenje takale. MRI, imene imapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa, imaonetsanso mawanga oyera ndi timadontho ta magazi. Pa lipoti mungaone muyezo wa mawanga oyera wotchedwa Fazekas, 0 mpaka 3: 1 ndi timadontho tofala mwa okalamba ambiri, 2 tayamba kulumikizana, 3 talumikizana kukhala zigamba. Timaenje ta mamilimita 3 mpaka 15 ndi zipsera za timasitiroko, tina timene mwini wake sanatimve. Ngati chithunzi sichikutheka, kuchiza BP kusadikire. Ngati m'banja muli anthu angapo amene anagwidwa sitiroko asanafike zaka 60 popanda BP, makamaka okhala ndi mutu waching'alang'ala, uzani dokotala, chifukwa ulipo mtundu wotengera ku makolo wotchedwa CADASIL.

Mankhwala amene musathamangire

Popeza asilikali akuwononga, wina angaganize zongowagonetsa. Zayesedwa. Ku Cambridge anapereka minocycline, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya amene amaziziritsanso kutupa, kwa miyezi itatu kwa odwala matendawa, ndipo zotsatira za 2024 sizinaonetse kuchepa kwa kutupa kapena kuchucha. Mu 2017 canakinumab, mankhwala oletsa kutupa opatsidwa kwa anthu oposa 10,000 odwala mtima, anachepetsa mavuto a mitsempha ndi pafupifupi 15 peresenti koma anachulukitsa imfa zobwera ndi matenda opatsirana. Kumene kuli TB ndi malungo, mtengo umenewo ndi wokwera. Prednisolone wogula mwachisawawa amakweza BP ndi shuga. Nazo zakumwa ndi maufa otsatsidwa kuti amakweza chitetezo sizigwirizana ndi vutoli, chifukwa asilikali sakuchepa, akulunjika polakwika.

Aspirin si wa aliyense wokalamba. Kafukufuku wa ASPREE wa 2018 anapeza kuti kwa okalamba amene sanadwalepo mtima kapena sitiroko amangochulukitsa kutaya magazi. Timitsempha todwalati timatsekeka komanso timaphulika. Amene anagwidwapo sitiroko ya kutsekeka amapatsidwa aspirin kapena clopidogrel, nthawi zambiri pamodzi ndi statin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi. Kumwa aspirin ndi clopidogrel pamodzi kwa nthawi yaitali kunachulukitsa kutaya magazi ndi imfa mu kafukufuku wa SPS3 wa 2012. Dokotala angalembe ziwirizi kwa masabata atatu oyamba okha, choncho funsani tsiku losiyira mmodzi.

Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, kapena mawu akayamba kukokeka, lembani nthawi imene munamuona komaliza ali bwino n'kunyamuka, ngakhale zitadzitha zokha pakapita mphindi zochepa. Musapereke aspirin chithunzi chisanasiyanitse kutsekeka ndi kuphulika. Musawonjezere mapiritsi a BP kuti mutsitse nambala msanga, chifukwa mbali yovulalayo ikudalira mphamvu imeneyo. Musamwetse madzi kapena phala mpaka namwino atayesa kamezedwe: chakudya cholowa m'mapapo chimabweretsa chibayo, ndipo m'masiku oyamba a sitiroko ma lymphocyte amatsika kwambiri moti thupi silidziteteza bwino. Panjira agonere chammbali, mutu utakwezedwa pang'ono, ndipo tengani buku la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene amamwa, a kwa asing'anga omwe.